Kiyibodi Yowala ya Amalume Layisoni

Mwambi wa mapanga uja, umene mumaumva kwa akuluakulu ngati unagwa kuchokera kumwamba, unabadwira pompano pa Chilobwe, ndipo unayamba motere. Sunthani mulowe m'khondemu, mvula iyi sikata msanga. Iwe Tiyese, chotsa chigongono pa sipika yangayo, si pilo ameneyo.

Ine mukundidziwa. Dzina la ubatizo ndi Yotamu, la ntchito ndi Injiniya. Sukulu ndinasiyira Sitandade 6, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma ndinaona kuti aphunzitsi akundichedwetsa. Lero anzanga amene anafika Folomu 4 aja amabwera pashopu pano atagwira chipewa kumanja kuti ndiwatsegulire mafoni. Ndiye nkhaniyi mukuimva kwa munthu amene analipo, osati za m'maluwa.

Ukuti chiyani Tiyese? Mwambiwo uli m'buku la Sitandade 7? Aise, ine ku Sitandade 7 sindinapondeko. Ndiye ukufuna kunena kuti ndinaubera kuti? Khala chete umve.

Ndili ndi amalume anga, a Layisoni Mkwapatira, achimwene awo a mayi anga. Munthu wamfupi, wadazi, woyenda ngati wachedwa kumsonkhano ngakhale akupita kuchimbudzi. Anagwira umesenjala zaka zambiri pa ofesi ina m'tauni, ndipo tsiku lopuma ntchito abwana anawapatsa kompyuta imene ofesiyo inkafuna kutaya. Chibokosi chotuwa, cholemera ngati thumba la simenti, chikayaka chinkalira ngati chigayo. Chinabwera ndi kiyibodi yake, ija yakale ya pulagi yozungulira yapepo. Zilembo zina zinali zitafufutika, mkati mwake munali mudzi wa mphemvu ndi mfumu yawo yomwe. Amalume ankalemba ndi zala ziwiri zokha, koma pa Chilobwe munthu wa kompyuta ndi munthu.

Tsono kuno kunali mpingo wotchedwa Phanga la Chipulumutso, wa Abusa Katsala. Unayambira kuphanga la mwala kuphiri uko, kenaka anamanga tchalitchi tsidya lino la ngalande. Chaka china anakangana za amene azigwira maikolofoni. A Zuze, amene anali mkulu wa kwaya, anadzuka m'mawa wina ali mneneri, n'kutenga theka la anthu ndi ng'oma yaikulu, n'kukamanga tchalitchi chawo tsidya lina la ngalande yomweyo. Dzina anati Phanga Lenileni la Chipulumutso. Kuyambira pamenepo a uku ndi a uko sapatsana moni, sabwerekana mchere, ngakhale nkhuku zawo zikakumana pa kamlatho zimatembenuka.

Amalume ankapemphera konse kuwiri.

Eyiti koloko kwa Abusa Katsala, atavala jekete lakuda. Leveni koloko kwa Mneneri Zuze, atavala mkanjo woyera wa lamba wofiira. Posinthira panali kuseri kwa shopu yanga ino, kenaka n'kuzungulira njira ya kumsika. Zaka ziwiri osagwidwa. Chinsinsi chimasungika bwino pakati pa anthu osalankhulana.

Chimene ankasaka amalume chinali chimodzi, mpando wa mlembi wamkulu. Mlembi amakhala kutsogolo pampando wa khushoni, anthu amamuitana kuti "a Mlembi", ndipo pa phwando lililonse nthutumba ya nkhuku imakhala yake. Amalume anali atakhala moyo wawo wonse akutumidwa, akudya khosi ndi zipalapaso. Ankafuna asanafe amveko kukoma kwa nthutumba yoperekedwa mwaulemu. Ndipo poti makalata a mipingo yonse iwiri ankalemba ndi iwo pa chigayo chija, Abusa anawalonjeza mpando, Mneneri nayenso anawalonjeza mpando. Masankho anagwa Lamulungu limodzi, chifukwa mipingo imeneyi uyu akaika tsiku lalikulu mnzake amaika lomwelo dala. Uku anati a Mkwapatira mudzationetse zithunzi za mbiri ya mpingo pakhoma ndi pulojekita. Uko anati chimodzimodzi, koma pulojekita yathu ikhala yaikulu.

Lachinayi m'mawa ndinangoona wilibala ikubwera, m'katimo chibokosi chitafunditsidwa chitenje ngati wodwala.

"Mphwanga," anatero amalume, "ndinatsala pang'ono kufa dzulo."

"Mwadya chiyani amalume?"

"Si zakudya. Abusa anabwera kunyumba kuti ndiwalembere kalata, n'kuima kumbuyo kwanga. Ndikutsegula, chithunzi cha Mneneri n'kutulukira pakona. Ndinachita kukhosomola n'kugwera pa sikirini. Komanso chinthuchi chikuchedwa, ukachiyatsa umatha kukasamba n'kubwera chisanadzuke."

Ine ndinachiyang'ana kamodzi kokha, ngati dokotala wamkulu. Ndinati, "Amalume, Windozi yanuyi yakalamba, ndipo mavairasi amangamo nyumba za malata. Pali ina yotchedwa Linakisi. Imagwira ntchito yomweyo yoyendetsa kompyuta, koma ndi yopepuka, nkhalamba ngati iyi imathamanga nayo ngati mwana. Tifufute zakalezi, tiike imeneyo, basi."

"Tifufute? Nanga makalata a Abusa?"

"Ndiye sankhani mpingo umodzi."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, sizingatheke kuti zonse ziwiri zikhale m'menemo, koma zisamaonane?"

Apa ndiye pamene ukatswiri wanga unandipweteketsa, chifukwa ndinayankha zoona. Ndinati zimatheka. Timadula mimba ya kompyuta pawiri, chipinda china Windozi, china Linakisi. Ikamayaka imakufunsa kuti ulowa kuti. Amalume anavina pakhonde pompano, mafana, munthu wa zaka sikisite.

"Windozi akhala wa Abusa, poti onse ndi akale," anatero. "Linakisi wa Mneneri. Mulungu akudalitse mphwanga, kudzera mbali zonse ziwiri."

Ntchito inayamba. Ndinabaya fulashi yanga ya Linakisi, n'kuyatsa. Kompyuta inangoiyang'ana fulashiyo ngati apongozi akuyang'ana mkamwini wosagwira ntchito, n'kupitiriza ulendo wake wa ku Windozi. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu amalume anati sunthako. Anaika dzanja pa chibokosi n'kupemphera chapansipansi, mwa Abusa Katsala. Palibe chinachitika. Anavula nsapato n'kuyamba mwa Mneneri Zuze: "Tuluka! Tuluka iwe mzimu wochedwetsa!" Anthu anayamba kuima pamsewu. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakumbukira kuti pamafunika kumenya batani la F12 ikangoyamba kulira, ndiye ndinaliimba ngati ng'oma ya chioda. Fulashi inatseguka.

"Waona?" anatero amalume akuvala nsapato. "Pemphero loyamba linafewetsa, lachiwiri n'kumaliza. Ndiye wina azindiuza kuti ndisankhe mpingo umodzi?"

Tisanasangalale, sikirini inada bii, n'kulemba mzere umodzi wa Chingerezi. Chingerezi ine ndimachidziwa, koma chimenechi chinali cha ku yunivesite, chosapatsa moni. Ndinati amalume dikirani, m'mimba mwandipotokola. Ndinapita kuseri n'kukaonera kavidiyo pafoni. Musaseke. Injiniya weniweni safunsa pagulu. Nditabwera ndinawauza ngati ndinabadwa ndikudziwa.

"Vuto ndi saizi. Linakisi amene ndabweretsayu ndi wa 64, kompyuta yanu ndi ya 32. Tikuveka mwana gambutsi ya abambo ake."

"Ndiye ukadapanda kutsegula m'mimba sitikadadziwa?"

"Nzeru zimabwera mosiyanasiyana amalume."

Ndinapeza wa 32, wopepuka kwambiri, n'kumuika pa fulashi. Uyu analowa. Koma atafuna kutenga zina pa intaneti anakana, akuti tsiku silikugwirizana. Tikayang'ana pakona, kompyuta ikuti lero ndi 1 Januwale 2008. Mkati mwa chibokosi mumakhala kabatire kakang'ono ngati batani la jekete, kosunga nthawi. Kanali katafa kalekale, ndiye nkhalambayo tsiku lililonse inkadzuka ikuganiza kuti ikadali mtsikana. Amalume anati isiye choncho, chaka chimenecho mpingo unali umodzi ndipo iwo anali ndi tsitsi. Ine ndinakatenga kabatire kwa wokonza mawotchi n'kuibweza ku chaka chathu.

Podula mimba ija ndiye tinakangana. Ine ndimati Linakisi safuna malo ambiri. Iwo anati ayi, pakati penipeni, ngati munda wa mitala, kuti kumwamba asadzati ndinakondera. Anachita kutenga rula n'kuyeza pa sikirini.

Pofika Lachisanu masana zonse zinatheka. Ukayatsa, pankabwera sikirini yakuda ya mizere iwiri yoyera. Wapamwamba Linakisi, wapansi Windozi. M'munsi mwake nambala ikuwerenga chobwerera kuyambira teni. Ukafuna Windozi umadina kamuvi kotsika, n'kudina batani lalikulu. Ukangokhala osadina kanthu, ikafika ziro imalowa yokha kwa Linakisi.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Poyesa ndinalumikiza kiyibodi yanga ya pashopu, yamakono, ya pulagi yafulati ngati ya fulashi. Pa sikirini yakuda paja ndinadina kamuvi, zii. Ndinadinanso, zii. Koma Linakisi atangolowa, kiyibodi yomweyo inayamba kugwira bwinobwino. Ndinabweza yakale ya mphemvu ija, kamuvi n'kutsika msangamsanga. Ndinaona kuti eya, nkhalamba iyi ikamadzuka kumene simva zamakono, imamva mawu a mkazi wake wakale yekha.

"Amalume," ndinatero, "kiyibodi yakaleyi musaisinthe. Mukaika ina, pakhomo posankhira paja simudutsa. Muzingolowa kwa Mneneri."

"Ndamva."

"Bwerezani."

"Iwe, ndakusinthapo matewera ine. Ndati ndamva."

Ndinawauza katatu, mboni ndi mayi wogulitsa mandasi uyo. Pasiwedi anakana, akuti mutu wawo wadzaza kale ndi nyimbo za mipingo iwiri, ndiye ndinakonza kuti izingolowa yokha. Pali kanthu kamodzi kokha kamene sindinawauze, koma si kuti ndinaiwala ayi. Sanandifunse. Tifika pamenepo.

Lamulungu kunacha kotentha, mitambo itaunjikana kuphiri. Ine ndinapita nawo ngati injiniya wa pamalo, komanso ndinamva kuti konse kuwiri aphika mpunga. Kwa Abusa Katsala kunadzaza. Amayi a bungwe atavala zoyera, kwaya ili m'malo, nsalu yoyera atapachika pakhoma. Ine ndinalumikiza pulojekita, kenaka ndinatuluka pang'ono. Panali mtsikana wina wa kwaya amene foni yake inkafuna thandizo langa mwachangu. Inali ntchito, musandiyang'ane choncho.

Ndikulowanso, mtima unangoti phaa. Patebulo panali kiyibodi yachilendo, yakuda, yowala mitundumitundu ngati basi ya ukwati. Amalume anali atabwereka kwa mwana wa neba, ija amasewerera magemu.

Ndinawanong'oneza, "Amalume, yakale ija ili kuti?"

"Kunyumba. Ukufuna mlembi wamkulu atulutse mphemvu pamaso pa mpingo?"

"Musayatse!"

Anali atayatsa kale. Chigayo chinalira. Abusa Katsala anaimirira, munthu wamtali wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga maliro, n'kunena kuti, "Abale, tisanasankhe, a Mkwapatira ationetsa kumene tachokera."

Pakhoma panabwera sikirini yakuda ija, yaikulu ngati chitseko. Teni. Amalume anadina kamuvi mwaulemu, ndi chala chimodzi, akumwetulira. Naini. Anadinanso. Eyiti. Kumwetulira kunayamba kuuma. Ana a Sande sukulu anaona ngati ndi gawo la pulogalamu, n'kuyamba kuwerengera limodzi mokweza.

"Seveni! Sikisi!"

Amalume tsopano akumenya ndi zala zonse ziwiri. Kiyibodi ikungosintha mitundu, yofiira, yobiriwira, ngati ikuwaseka.

"Faifi! Folo!"

Amayi a bungwe analowerera ndi m'manja. Woimba ng'oma nayenso anati ndisatsale.

"Mphwanga!" anakuwa amalume. "Zimitsa!"

Ine ndinali kutali ndi soketi, komanso kunena zoona, ngati katswiri ndinkafuna kuona ngati zimene ndinanena zichitike.

"Thuu! Wanu! Ziro!"

Nthungululu tchalitchi chonse. Kenaka Linakisi anatseguka, msangamsanga, mwaukhondo, ntchito ya manja anga. Ndipo khoma lonse linadzaza ndi chithunzi chimene amalume anaika okha kuti chizikhala kumaso: iwo atagwada, atavala mkanjo woyera wa lamba wofiira, Mneneri Zuze akuwathira mafuta padazi. Pansi pake zilembo zikuluzikulu: TINATULUKA MU IGUPUTO.

Nthungululu zija zinaduka ngati wina wadula waya. Kunamveka chigayo chokha.

Abusa Katsala anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"A Mkwapatira," anatero, "Iguputo wake ndi ife?"

"Abusa, ndi vairasi."

"Vairasi."

"Eya, za masiku anozi. Zimatenga nkhope ya munthu. Mphwangayu ndi injiniya, afotokoze. Yotamu, auze!"

Mpingo wonse unatembenukira kwa ine. Tsono mafana, ine ndili ndi dzina loti ndiliteteze. Ndikanati ndi vairasi, mawa Chilobwe yonse ikanati Linakisi wa Injiniya amagwidwa ndi matenda. Ndinaimirira bwinobwino n'kunena kuti, "Abusa, ine mavairasi ndawaona ambiri. Koma yovala lamba wofiira, yodziwa kugwada, sindinaionepo."

Sindinamalize n'komwe. Amayi a bungwe anaimirira onse pamodzi ngati asilikali. Mmodzi, mayi wamkulu amene ankawasungira amalume mpando Lamulungu lililonse, anati, "Ndiye chifukwa chake mumathawa nyimbo yomaliza eti? Mumati shuga wakwera! Shuga wake ndi Zuze?" Sanawamenye ayi, ndi anthu opemphera. Anangowanyamulitsa chibokosi chawo, kiyibodi yowala n'kuwakolekera m'khosi, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo ndi nyimbo ya maliro.

Panja amalume anapuma kawiri, n'kundiyang'ana.

"Yudasi."

"Ndinakuuzani katatu amalume."

Ndimayesa alira. Koma munthu uja anangoseka, n'kukweza chibokosi pamutu. "Ukuona ubwino wake tsopano? Amene ali ndi phanga limodzi bwenzi pano atatha. Ine lina lilipo. Ndipo kumeneko chinthuchi chizilowa chokha koyenera. Tiye, leveni yakwana."

Anavala mkanjo pamwamba pa jekete pomwepo pa kamlatho, poti zobisa zinali zitatha.

Kwa Mneneri Zuze kunali moto. Ng'oma yaikulu ija ikugunda, pulojekita yake yaikuludi. Amalume anayatsa, nambala inawerenga mpaka ziro iwo atapinda manja ngati bwana, chithunzi chija n'kubwera. Tchalitchi chinaphulika. Mneneri, munthu wonenepa wa suti yonyezimira, analumpha n'kukuwa, "Taonani mwana wokhulupirika! Ngakhale makina ake akuchitira umboni!" Mpando wa khushoni unali utaikidwa kale kutsogolo. Kuchokera kuseri kunkabwera fungo la nkhuku. Amalume anandiyang'ana n'kunditsinzinira diso.

Tsopano kanthu kaja sindinawauze ndi aka. Windozi ndi wakhungu, sadziwa n'komwe kuti m'nyumbamo muli mnzake. Koma Linakisi ndi kazitape. Amaona chipinda cha mnzake, ndipo amaika kachithunzi ka chitseko chake poonekera, pakona ya sikirini.

Amalume anagwira mausi kuti aonetse zithunzi, koma inkangowathawathawa. Ndiye Mayi Zuze, akazi a Mneneri, amene anaphunzirako za ulembi, anati, "A Mlembi athu atopa, bweretsani ndikuthandizeni." Anaonetsa zithunzi za ubatizo, za kumanga tchalitchi, anthu akuwomba m'manja. Zitatha anaona kachitseko kaja.

"Muli zinanso umu?"

"Amayi, m'menemo ndi mosungira zinyalala," anatero amalume, mawu atasanduka a mwana.

"Zinyalala za mlembi wathu ndi madalitso," anatero Mneneri. "Tsegula mayi!"

Anatsegula. Makalata onse a Abusa Katsala, zaka ziwiri, ali ndandanda pakhoma. Ndipo amalume, poti ndi munthu wa dongosolo la ku ofesi, kalata iliyonse anaipatsa dzina lomveka bwino. Yapamwamba penipeni inali yakuti: CHENJEZO KWA NKHOSA ZONSE ZA MAFUTA A ZUZE.

Mayi Zuze sanafunsenso munthu. Anaitsegula, n'kuyamba kuwerenga mokweza, ndi mawu abwino a munthu wophunzira.

"Ine Layisoni Mkwapatira ndikuchitira umboni kuti mafuta amene Zuze amati anachokera ku Yerusalemu ndi ophikira, oyeza pamsika wa Chilobwe. Ndinamuona ndi maso anga akutsitsa mtengo. Munthu akakudzoza nawo, ntchentche zimakutsata mpaka Lachitatu."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Mayi wina anagwira pamutu pake n'kununkhiza chala.

"A Mkwapatira," anatero Mneneri, thukuta lili kamukamu, "mwalemba ndinu izi?"

"Bambo Mneneri, ndinalemba ndili mu Iguputo."

Mayi Zuze anayang'ana pakona ya kalatayo. "Yalembedwa Lachiwiri lapitali."

Apa ndiye ndinagoma, chifukwa tsikulo linawerengeka bwino ngakhale kabatire kanali kakufa, poti amalume ankalemba okha tsiku pamwamba pa kalata iliyonse, mwa chiofesi. Dongosolo ndi labwino mafana, koma limapha.

Kwa Zuze kulibe zoperekeza ndi nyimbo. Kuli anyamata anayi a mapewa ngati mabedi, ntchito yawo kugwira anthu akamagwa ndi mzimu. Tsiku limenelo anagwira munthu asanagwe. Anawanyamula amalume m'mwamba, mapazi akupalasa mphepo, n'kukawatula panja, chibokosi n'kuwaika pamutu, chitseko n'kutseka ndi mpiringidzo.

Ine ndinayamba kusonkhanitsa mawaya mwakachetechete kuti nditsatire. Mayi Zuze anandigwira mkono. "Iwe ndiwe unakonza makinawa?"

Ndinayang'ana anyamata a mapewa aja. Koma choonadi ndi choonadi. "Ndine, amayi."

"Makina ako aulula Yudasi. Khala pansi udye."

Nthawi yomweyo kumwamba kunang'ambika. Osati kamvula aka mukuthawa lero, mvula yeniyeni, ija imabwera chopingasa. Ine ndinakhala pawindo ndi mbale ya mpunga. Ndipo poti mpando wa mlembi unalibe mwini, nthutumba inasowa kopita. Anaiika m'mbale mwanga.

Pawindopo ndinkaona zonse. Amalume anagogoda kwa Zuze, osatsegula. Anathamanga kuwoloka kamlatho, chibokosi pamutu, kiyibodi ikulendewera m'khosi. Pakati pa mlatho anaima, n'kutula chibokosi, n'kuvula mkanjo kuti akafike kwa Abusa ndi jekete. Anagogoda. Mayi wa bungwe uja anasuzumira n'kukoka katani. Anabwereranso, pa mlatho n'kutula, n'kuvalanso mkanjo. Anagogoda kwa Zuze. Anyamata aja anangowonjezera ng'oma. Anabwereranso, kuvula. Kubwereranso, kuvala. Ndinawerenga maulendo asanu. Pa khonde la chigayo chenicheni chogaya chimanga panali malo, pa shopu yanga pano panali malo, koma munthu uja mutu wake unali udakali pa mipando iwiri. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mkanjo unakakamira m'mutu chifukwa chonyowa, n'kungoima pakati pa mlatho, dzanja limodzi m'jekete lina mumkanjo, madzi akutsika padazi ngati pa mwala wochapira.

Kompyuta ija tinaiyanika padzuwa masiku atatu. Inayaka, koma mpaka lero sifunsanso kuti ulowa kuti. Imangoonetsa mdima ndi kamzere kamodzi kakuphethira pakona. Windozi kulibe, Linakisi kulibe. Iwe Tiyese, chimene wakhalirapocho ndi chomwecho, ndiye ukhale mwaulemu, chinagwetsa mlembi wa mipingo iwiri tsiku limodzi. Amalume masiku ano amapemphera pa wailesi, ndipo ngakhale pamenepo amasinthasintha masiteshoni. Ine sandilankhula, koma foni yawo ikavuta amatumiza.

Tsono tsiku lija, nditaona munthu waima pa mlatho ngati chowopsezera mbalame, mtima wa chibale unandigwira. Magazi ndi magazi. Ndinati ndisangodya, ndiwapatseko mawu. Ndinatsegula windo, nthutumba ili m'kamwa, n'kukuwa. Anthu a m'tchalitchi anamva, a tsidya lina anamva, okwera njinga za kabaza anawanyamula mawuwo mpaka ku Limbe, ndipo ndikumva kuti ena anakawaika m'buku la Sitandade 7 osandipatsa ngakhale moni.

Ndinati, "Amalumeee! Mapanga awiri avumbwitsa!"